Chaka chimene anati ndikutumiza mitambo

Tsiku limenelo kunacha kopanda mame. Nditatuluka m'nyumba ndinaponda udzu wa pakhomo ndi phazi lopanda nsapato, ndipo unali wouma ngati wa mu Okutobala, chonsecho unali mwezi wa Januwale. Mphepo inkachokera cha ku Mozambiki, yofunda, ikugwedeza masamba a chimanga amene anali atapindika ngati ndudu. Nyenje zinali zitayamba kale kulira m'mitengo ya bulugamu. Kumsewu waukulu lole inkabuula pokwera chitunda, ndipo kuseri kwa phiri kunkamveka bingu la mvula imene inkagwa kwa eni ake.

Ine ndine mkamwini. Kwathu kobadwira ndi ku Bwanje, kuchigwa kotentha, koma ndinakwatira kumtunda kuno kufupi ndi Mlangeni nditangobwera kumene ku Joni. Ndinamanga nyumba pamudzi wa mkazi wanga, ndinabzala mitengo, ndinaphunzira kulima mbatatesi ndi kupirira chisanu. Mayi a kunyumba atamwalira, abale awo anakhala pansi kuti andisudzule monga mwa mwambo. Ndinali nditamanga kale mtima kuti ndibwerera kuchigwa. Koma mlamu wanga, mlongo wawo wa malemu, amenenso ndi mwini mbumba, anaimirira n'kunena kuti munthu amene wakalambira pamudzi sapita kwina, mitengo yake ili pano, mwana wake ndi wa pano. Ndinakhala. Ndikaima kumapeto kwa munda ndimaona nsonga za mitengo ya kumanda kumene anagona mkazi wanga, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Mwana amene ankanenayo ndi mzime wathu, wamkazi. Ali wamng'ono ankakonda nkhani imodzi yokha mwa nkhani zanga za ku Joni. Ndisanalowe mumgodi ndinagwirapo ntchito pafamu ina ya nkhosa m'munsi mwa mapiri aatali, ndipo m'mawa wina wa mu Julayi tinadzuka dziko lonse litayera ngati wina wakhuthula ufa woyera usiku. Ndinatapa m'manja, manja anachita dzanzi, ufawo n'kusanduka madzi. Amayi ake ankaseka nkhaniyi, ankati amuna obwera ku Joni onse ali ndi bodza lawolawo, langa linali la ufa wogwa kumwamba. Koma mwanayo ankafunsa kuti unachokera kuti, n'chifukwa chiyani sugwa paphiri lathu pamene nalonso limazizira. Atakula anaphunzira za nyengo, ndipo pambuyo pake anapeza mwayi wopita kutsidya kwa nyanja, kudziko la mapiri a chipale chofewa, kukathandiza pa kafukufuku wa mitambo.

Ntchito yakeyo anandifotokozera kangapo pa foni ndisanaimvetse. Anati mphepo ya chinyezi ikapeza phiri ilibe kolowera koma kukwera, ndipo ikamakwera imazizira, chinyezi chija n'kusanduka timadontho ting'onoting'ono timene ife timati mtambo. Pamenepo sindinavutike, pakuti nkhungu ya chiperoni ndaiona ikukwera phiri lathu zaka zonsezi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti timadonthoto tingathe kuzizira kupitirira pamene madzi amaundana, koma osaundana. Timangoyandama, tikudikira kanthu kogwirapo, kafumbi kapena kachidutswa kosaoneka ndi maso. Kadontho kamodzi kakapeza pogwira n'kuundana, kamayamba kukoka chinyezi cha tinzake, n'kumakula, n'kumera timanja ngati kaduwa, mpaka kulemera n'kugwa. Tikagwa tambirimbiri ndiye ufa wanga uja.

Tsono iye ndi anzake amayesa kuupatsa mtambo tinthu togwirapoto. Amatentha mchere wina wa siliva m'mbaula zoikidwa m'mapiri, nthawi zina ndege ndiyo imauwaza, utsiwo n'kulowa mumtambo. Akatero amayeza ngati chipale chagwa choposa chimene chikanagwa pachokha. Ndinamufunsa kuti akuchifuniranji chinthu chozizira chotero. Anati chipale chimakhala paphiri ngati nkhokwe ya madzi, ndipo kukatentha chimasungunuka pang'onopang'ono n'kudzaza mitsinje imene alimi a kumunsi amathirira mbewu. Ndinakumbukira mpunga wa kwathu ku Bwanje umene umamwa madzi ochokera kumapiri, ndipo ndinamva.

Komabe mtima sunakhazikike. Tsiku lina ndinamufunsa ngati kumeneku si kulanda ntchito ya Mulungu.

"Ababa, mukafesa mbewu mumakhala mwalenga nthaka?" anatero akuseka. "Mtambo ukapanda kubwera ife timangokhala n'kumamwa tiyi. Ukabwera wosazizira mokwanira, palibe chimene tingachite. Ngakhale zonse zitayenda bwino, kudziwa kuti tawonjezapo chochuluka bwanji ndiye mutu waukulu. Nthawi zambiri timangoti mwina."

Mawu akuti mwina amenewo anandikhazika mtima pansi. Munthu wonena kuti mwina sanadziike pampando wa Mlengi.

Atatha kumeneko miyezi ingapo anayamba kupukwa. Anati mapiri a kumeneko ndi aakulu koma sakumudziwa. Anandipempha kuti m'mawa uliwonse ndizimujambulira phiri lathu ndi mitambo yake n'kumutumizira pa foni. Kumapeto kwa munda wanga kuli chulu, ndipo ukaima pamwamba pake phiri limaoneka lonse, foninso imagwira bwino. Choncho unasanduka mwambo wanga: kudzuka, kupemphera, kukwera pachulu, kukweza foni kumwamba, kujambula, kutumiza. Iye ankayankha ndi zithunzi za kumeneko. Anthu opita kumunda ankandiona, ena ankandipatsa moni, ena ankaseka kuti agogo alowa zachinyamata.

Chaka chimenecho mvula inagwa kamodzi kumayambiriro kwa Disembala, anthu n'kubzala, kenaka inadula. Mitambo inkasonkhana paphiri m'mawa, yakuda bwino, koma pofika masana inali itabalalika. Chimanga chinamera n'kufota. Ena anabzalanso, n'kupsanso. Kutchalitchi tinapemphera, ndipo akulu ena osapemphera anachita zawo kunkhalango. Tsono nyengo imene ife timadikira mvula ndi imene kwa mwana wanga kumakhala kozizira kwambiri, ndiye pachimake pa ntchito yake. Lamulungu lina titaweruka ndinaonetsa mlamu wanga chithunzi chimene mdzukulu wake anatumiza, magalimoto atakwiririka m'chipale mpaka m'mawindo. Ndinamufotokozera za mbaula za m'mapiri ndi utsi wolowa mumtambo. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kubweza foni. Ine ndinayesa kuti wagoma ndi nzeru za mwana wa mlongo wake.

Ndiye m'mawa wopanda mame uja ndinakwera pachulu monga mwa masiku onse. Paphiri panali mtambo umodzi wonenepa, wakuda kumimba. Ndikukweza foni ndinamva mapazi m'munda. Anali anthu ambiri ndithu, mlamu wanga patsogolo, anyamata a m'mudzi ndi makasu paphewa, ndi mayi wina woyandikana nane nyumba, wamasiye ngati ine, amene anali atabzala kawiri mbewu yake n'kutha.

Anyamatawo ndi amene anayamba, ngati nthabwala. Wina anafunsa kuti lero nditumiza mitambo ingati. Wina anati ndiwasiyireko umodzi wothirira mpiru. Ndinaseka nawo pang'ono, kufikira nditaona kuti mlamu wanga sakuseka. Mayi uja analankhula akulira. Anati aliyense wakhala akuona: mitambo imabwera, bambo awa amailoza ndi foni, mitambo imapita. Ananenanso kuti alibe chodyetsa ana chaka chino.

Ndinatsika pachulu n'kuyesa kufotokoza kuti ndi chithunzi chabe, monga cha paukwati, kuti mwana wapukwa kwawo. Ndinati ngakhale iyeyo sangasunthe mtambo, amangouthandiza umene ulipo kale, ndiponso yathuyi ndi mitambo ya mtundu wina. Mawu anga ankamveka ofooka ngakhale m'makutu mwanga.

"Alamu," anatero mlamu wanga, "munanena ndinu kuti mwana amagwetsa za mumtambo. Munandionetsa ndinu kuti kumeneko zagwa mpaka kukwirira magalimoto. Nanga za kuno zili kuti?"

Sindinganene kuti linali funso lopusa. Kuyambira kale kwathu kuno mvula ikachedwa anthu amafunafuna amene waimanga, nthawi zina woumba njerwa, nthawi zina nkhalamba yokhala yokha. Ndinaziwonapo zikuchitikira ena, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wanjala amafuna nkhope yoti ayang'ane. Sindinadziwe chabe kuti nkhopeyo idzakhala yanga.

Mnyamata wina, amene ndinamuphunzitsa Sande sukulu ali mwana, anatenga foni m'manja mwanga, n'kuiika pamwala, n'kuiphwanya ndi msana wa khasu. Palibe amene anandimenya. Mlamu wanga anayang'ana pansi n'kunena kuti mudzi wakwiya, ndibwerere kwathu ndikapume. Mawu akuti kwathu ndi amene anandilasa. Ndinali nditakhala pamudzipo nthawi yaitali kuposa anyamata onse amene anaima pamenepo, ndipo pakamwa pamene pananena kuti ndisapite ndi pomwe pankandiuza tsopano kuti ndine mlendo.

Ndinalongedza zovala m'chikwama. Kumanda munthu salowako yekha popanda chilolezo, choncho ndinangoima kumapeto kwa munda n'kuyang'ana nsonga za mitengo ija. Chaka chomwecho, nyengo yokolola ikatha, tinali titapangana zomanga chiliza cha mkazi wanga, mwana atabwera. Ndinaganiza kuti adzamanga ine kulibe. Kenaka ndinapita kumsewu kukadikira minibasi.

Ku Bwanje anandilandira mwana wa mlongo wanga. Anandipatsa kachipinda ndipo sanandifunse zambiri. Thupi langa linali litaiwala kutentha kwa kumeneko ndi udzudzu wake. Ndinkawathandiza kuwokera mpunga mmene msana unkalolera. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumayang'ana kumapiri, ndipo koyamba ndinaona ndi maso anga zimene mwana ankanena, mitambo ikubadwira m'mbali mwa phiri n'kumakwera. Uli pamwamba suona zimenezi, umangoona yafika.

Mwana wanga ndinamuimbira pa foni ya mdzukulu wangayo n'kumuuza zonse. Ndinamupempha kuti asawatukwane amalume ake. Anati sawatukwana.

Kupemphera kunandivuta masiku amenewo. Ndinkapempha mvula, pakuti chimanga chimene chinkapsa kumtunda chinali cha anthu amene ndadya nawo maliro ndi maukwati. Koma ndinkadziwanso kuti ikagwa ine nditachoka, adzati taonani, tinanena. Mvula yomwe ndinkapemphayo ndi imene ikanatseka chitseko. Ndinapemphabe, ngakhale masiku ena pakamwa pankatsogola mtima ukutsalira.

Inagwa kumapeto kwa mwezi womwewo, yamphamvu, kuchigwa ndi kumtunda komwe. Ndinaima pakhonde ndikumva fungo la dothi, n'kuthokoza Mulungu, ndipo ndinadziuza kuti ndidzafera ku Bwanje.

Miyezi inapita. Mpunga unacha, tinapirikitsa mbalame, tinamweta. Tsiku lina mu Juni, dzuwa lili pamutu, ndinaona njinga ya kabaza ikubwera ndi munthu wovala chijasi chachikulu ndi chipewa cha ubweya, atanyamula thumba pamiyendo. Ana a pamudzi anayamba kuseka asanatsike n'komwe, chifukwa ku Bwanje wovala chotero ndi wodwala malungo yekha. Anali mlamu wanga, thukuta lili chuchuchu. M'thumbamo munali mbatatesi.

Tinamuyalira mkeka pamthunzi. Anamwa madzi makapu angapo, n'kudandaula kuti anthu amakhala bwanji m'ng'anjo muno. Ndinamukumbutsa kuti ine ndinabadwira m'ng'anjo momwemo. Tinafunsana za moyo, za zokolola, za amene amwalira. Anati chimanga chinavuta koma amene anabzala nyemba ndi mbatatesi mvula itabwerera apezako pang'ono. Atatero anavula chipewa n'kumachipotokola m'manja, ndipo anayamba nkhani imene anabwerera.

Anati tsiku lotsatira nditaimba foni ija, mdzukulu wake anamuimbira. Iye anakonzeka kutukwanidwa, koma mwanayo anamupatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za azakhali ndi za ng'ombe. Kenaka anati popeza foni ya bambo ake yaphwanyidwa, ndipo amalume ndiwo mwini mbumba, ntchito yojambula phiri m'mawa uliwonse yagwera iwo. Phirilo ndi la kwawo kwa amayi ake, ndipo sangagone osaliona. Mlamu wanga anakana. Mwanayo anati ngati akuopa kuti foni imanyamula mitambo, ayese okha aone, ndipo ngati sayesa, za chiliza aiwale, iye sadzabwera.

"Ndiye ndinayamba, alamu," anatero. "Osati pachulu panu paja, ndinalibe mtima umenewo. Ndinkabisala kuseri kwa khola ngati wakuba nkhuku."

Anajambula masiku angapo dzuwa likuswabe mtengo, ndipo mumtima ankati mwina n'zoona, mwina tsopano ndi iye amene akuitumiza. Ndiye m'mawa wina anajambula mtambo wakuda bii, n'kutumiza, mwanayo n'kuyankha kuti wafika. Asanalowe m'nyumba mvula inayamba. Inagwa tsiku lonse. M'mawa mwake anajambulanso, inagwanso. Anati anaima m'matope a kukhola, foni ili m'manja, akudziwa kuti m'mudzi monse anthu akunena kuti yagwa chifukwa mkamwini wachoka, pamene iye yekha ankadziwa kuti mitambo yakhala ikujambulidwa tsiku ndi tsiku.

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati anaopa khasu lija. Koma chinsinsi cha kuseri kwa khola sichikhalitsa. Tsiku lina mayi woyandikana nane uja anabwera kudzapempha manyowa n'kumupeza atakweza foni kumwamba. Mlamu wanga anati pa kamphindi kameneko anadziwa mmene ndinamvera pachulu paja. Anawauza mayiwo zonse, n'kuwaonetsa zithunzi kuyambira masiku a dzuwa mpaka a mvula. Mayiwo anayang'ana, n'kuyang'ananso nyemba zawo zimene zinali zitabiriwira, ndipo anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga alamu anu aja tinawathamangitsiranji?"

Pofika madzulo nkhani inali itafika pachitsime ndi pachigayo. Ena anakanabe, ndipo ena akukanabe mpaka lero. Koma ambiri anakumbukira kumene anaima m'mawa uja. Ndinamufunsa mlamu wanga kuti nanga kuyambira nthawi imeneyo mpaka Juni anali kuti. Anati manyazi ndi amene anamumanga miyendo, ndipo akanachedwabe pakanapanda kuti mwana akubwera mwezi wamawa ndipo wanenetsa kuti akatsikira pakhomo pa bambo ake, osati pena.

"Tiyeni kwanu, alamu," anatero.

Ndinamuuza kuti agone, tione m'mawa. Sindinkafuna kumuzunza, koma ndinkafuna kudzifunsa ngati ndingathe kudutsana ndi anthu aja panjira popanda kuwawerengera mlandu mumtima. Kubwerera ndi mkwiyo kukanakhala kungosamutsa ndende. M'mawa mwake ndinamanga chikwama.

Ndinapeza pakhomo posesedwa. Kudimba kwanga wina anali atabzala mbatatesi n'kuzipalira, ndipo ndinamva kuti anali mayi aja. Sanabwere kudzandilonjera tsiku loyamba, anangotumiza nkhuni. Pamene tinayamba ntchito ya chiliza, mnyamata amene anaphwanya foni ndi amene ankatunga madzi osakanizira simenti. Ankabwera woyamba n'kuchoka womaliza, maso ali pansi.

Mwana anafika mu Julayi chiperoni chili pakati. Anabwera ndi foni ina. M'mawa mwake anatidzutsa ine ndi amalume ake kuti tikwere pachulu. Phiri silinkaoneka n'komwe, nkhungu inali itatikuta, ndipo majasi athu ananyowa ndi timadontho tosagwa ngati mvula. Anatambasula mkono n'kutionetsa timikanda ta madzi pa ubweya wa juzi yake, n'kunena kuti taimirira mkati mwa mtambo. Mlamu wanga anafunsa ngati atabweretsa mbaula zake zija angaugwetse umenewu kuti mbatatesi zimwe. Mwanayo anati ayi, uwu ndi wofunda kwambiri, mulibe madzi ozizira mokwanira kuti aundane, n'chifukwa chake ufa wa ababa sugwa kuno. Amalume ake anati ndiye sukulu yonseyo ndi ya chiyani. Iye anaseka n'kunena kuti akamaliza akufuna kubwerera kuno, chifukwa chimene anthu a kuno akusowa si kugwetsa mitambo koma kudziwa msanga ngati mvula yoyamba ndi yobzalira kapena yonyenga. Anati ngakhale zimenezo adzayamba ndi mwina. Mlamu wanga anati mwina wa mdzukulu wake ndi wabwino kuposa mbewu yotayika kawiri.

Tsiku lovundukula chiliza kunabwera anthu ambiri. Amayi a kutchalitchi anaimba, ndipo madoda anavina ngoma pabwalo, zishango m'manja, fumbi lili koboo. Ndinalowa kumanda koyamba chichokereni, n'kuima pafupi ndi pamene anagona mkazi wanga, mwana wathu atandigwira mkono. Titabwerera kumudzi, anthu asanabalalike, mlamu wanga anaimirira. Sanalankhule zambiri. Anati zimene zinachitika pachulu aliyense akuzidziwa, iye ndi amene anatsogolera, ndipo akupepesa m'malo mwa onse amene analipo. Mayi aja anagwada chapatali. Mnyamata uja anali kumbuyo kwenikweni, atagwira chidebe chopanda kanthu.

Onse ankadikira kuti ndinene kanthu. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Anali anthu omwewo amene ananyamula bokosi la mkazi wanga, omwewonso amene anaima m'munda mwanga ndi makasu, ndipo chaka chamawa tidzayang'ananso limodzi kuphiri lomwelo kudikira mvula. Ndinawakhululukira.